Sankhani dzungu lokhwima, nthanga zake musatayire nkhuku

Maungu afika. Kuyambira mwezi wa Malichi mpaka cha mu Juni, m'minda ya kwa mfumu yaikulu Mwambo m'boma la Zomba mumakhala maungu ali mbwee pansi pa chimanga ndi nandolo. Pamsika wa Jali komanso m'mbali mwa msewu wopita kudoko la Kachulu mumawapeza ataunjikidwa milumilu, pamtengo woti aliyense n'kufikira. Iyi ndi nyengo imene mwana amapita kusukulu m'mimba muli kanthu, ngakhale kunyumba kulibe shuga wothira mu tiyi.

Koma inu awerengi, tafunsani kwanu madzulo ano: dzungu likadulidwa, zam'kati mwake zimapita kuti? M'makomo ambiri nthanga zimakokotedwa pamodzi ndi ulusi wake n'kuponyedwa kwa nkhuku kapena kudzala. Ena amapatulako zochepa zodzabzala basi. Ife tikuti chizolowezi chimenechi chikutitayitsa chakudya chomwe matupi a ana athu akuchisowa kwambiri. Ndipo kukonza kwake kumayambira kumunda ndi kumsika, posankha dzungu, chifukwa dzungu lanthete silikhala ndi nthanga zoti n'kukazinga.

Zomwe kafukufuku adapeza

Mu 2015 ndi 2016 nthambi ya boma ya National Statistical Office, yomwe likulu lake lili ku Zomba komweko, idachita kafukufuku wa zaumoyo m'dziko lonse. Idapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wawo sukugwirizana ndi zaka zawo. Pa nthawi yomweyo akatswiri adayezanso magazi a anthu kuti aone michere ndi mavitamini m'thupi. Nkhani yabwino idali ya vitamini A. Mu 2001 ana aang'ono 59 mwa 100 ankaperewera vitamini ameneyu, koma pofika 2016 chiwerengerocho chidatsika kufika pa ana anayi mwa 100. Madontho a vitamini A kusikelo, shuga ndi mafuta ophikira owonjezeredwa vitamini, komanso mbatata yofiira m'kati zidathandiza.

Nkhani yodandaulitsa idali ya mchere wa m'thupi wotchedwa zinki. Anthu pafupifupi 6 mwa 10 alionse, ana ndi akulu omwe, adapezeka operewera zinki. Mchere umenewu ndi umene umathandiza mwana kukula, umalimbitsa chitetezo cha m'thupi, umapoletsa mabala, ndiponso umathandiza kuti munthu azimva kukoma kwa chakudya. N'chifukwa chake mwana akatsegula m'mimba, kuchipatala amamupatsa Thanzi ORS pamodzi ndi mapiritsi a zinki oti amwe masiku 10 mpaka 14. Kutsegula m'mimba kumatulutsa zinki m'thupi, ndipo m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, komwe kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba amabwera kawirikawiri, mwana amataya msanga kochepa komwe adali nako.

Mwina mukudabwa kuti anthu odya nsima tsiku ndi tsiku aperewera bwanji. Chimanga chili nayo zinki pang'ono, koma chilinso ndi zinthu zina zachilengedwe zimene zimaimanga kuti matumbo asaiyamwe bwino. Zinki yolowa mosavuta m'thupi imachokera ku nyama ndi nsomba. Apa anthu a kwa Mwambo akhala amwayi kuyambira kale, poti matemba, makumba ndi milamba zili pafupi. Vuto n'lakuti nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulukira, ndipo imadalira mvula ndi mitsinje ngati Likangala ndi Domasi. Idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo idaphweranso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Nyanja ikauma, mabwato amagona pamatope ndipo matemba amakhala ndiwo ya anthu andalama. Onjezerani namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 ndi ng'amba ya 2024, imene idachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Banja la kunyanja likufunika nkhokwe ina ya michere yosadalira madzi a m'nyanja kapena mtengo wa pamsika.

Zomwe zili mu nthanga

Mu magalamu 100 a nthanga zouma zochotsa makoko muli pafupifupi magalamu 30 a zomanga thupi, magalamu 49 a mafuta, mamiligalamu pafupifupi 8 a zinki ndi pafupifupi 9 a ayironi, mchere wowonjezera magazi uja. Masupuni atatu aakulu, omwe ndi magalamu pafupifupi 30, amapereka magalamu 9 a zomanga thupi ndi mamiligalamu oposa awiri a zinki. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu amafunika mamiligalamu atatu patsiku, ndipo amafunika yoposerapo ngati chakudya chake n'cha chimanga chokhachokha. Choncho kaufa ka nthanga m'phala si kachabe.

Tinene chilungamo. Nthanga nazo zili ndi zinthu zomanga zinki zija, ndiye thupi siliyamwa yonse. Sizingalowe m'malo mwa matemba, mazira kapena nyama. Zimagwira bwino ntchito zikadyedwa pamodzi ndi kansomba, ngakhale kochepa, chifukwa zakudya zanyama zimathandiza thupi kuyamwa michere ya m'zomera. Tomato, mandimu, malambe ndi bwemba zimathandizanso kuti ayironi alowe, pomwe tiyi womwera pachakudya amamutsekereza.

Kudya nthanga si nzeru yachilendo. Maungu adachokera ku America. Nthanga zomwe akatswiri adafukula m'phanga la Guilá Naquitz ku Oaxaca m'dziko la Mexico zikuonetsa kuti anthu adayamba kulima maungu zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndipo akatswiri ambiri amati chomwe chidawakopa poyamba ndi nthanga, popeza maungu akutchire adali owawa ndi a mnofu wochepa. Mpaka lero ku Mexico amapera nthanga n'kupangira msuzi. Ku Nigeria ndi ku Ghana amatendera ndiwo ndi nthanga za chomera cha m'banja lomweli, zomwe amazitcha egusi. Ku Austria amayenga mafuta a nthanga za maungu n'kumagulitsa pamtengo wokwera. Kuno kwathu agogo ambiri amakumbukira nsinjiro za nthanga zomwe ankatendera nkhwani mtedza ukasowa.

Kusankha dzungu

Mukafika pamulu wa maungu, yambani ndi khungu. Likanikizeni ndi chikhadabo. Chikalowa mosavuta, dzungulo lidathyoledwa lisanakhwime: lidzakhala lamadzi, silisungika, ndipo nthanga zake zidzakhala zopyapyala, zopanda kanthu m'kati. Lokhwima limakana chikhadabo, ndipo khungu lake limakhala litasiya kunyezimira kwa unthete. Mbali yomwe lidagonera pansi imakhala itasanduka yachikasu.

Onaninso kamtengo ka pamutu pake, kamene kankalilumikiza ku chomera. Kazikhala kouma, kolimba, ndiponso kosathyoka. Dzungu lothothoka kamtengo lili ngati nyumba yopanda chitseko, kuola kumalowera pomwepo. Pachifukwa chomwecho, mukamakolola dulani ndi mpeni n'kusiyako kamtengo kotalika ngati chala, ndipo musalinyamule pogwira kamtengoko.

Kenako linyamuleni. Mwa awiri ofanana kukula, tengani lolemerapo, chifukwa ndilo la mnofu wochindikala. Musathamangire lalikulu kwambiri poganiza kuti mwapindula. Nthawi zambiri maungu akuluakulu amakhala amadzi, pomwe apakatikati ndiwo amakhala aufa ndi otsekemera.

Litembenuzeni mbali zonse. Pewani lokhala ndi bala, mng'alu, malo ofewa kapena timabowo tokhala ndi utomoni wouma. Timabowo totere nthawi zambiri ndi pomwe ntchentche zoboola zipatso zidaikira mazira dzungu lili laling'ono, ndipo m'kati mukhoza kupeza mphutsi. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Timatuza tolimba ta pakhungu, tomwe mitundu ina ya maungu imabadwa nato, si vuto.

Mtundu wa khungu sunena zambiri za m'kati. Chofunika ndi mtundu wa mnofu. Mnofu wofiirira kwambiri ngati wa papaya wakupsa ndi umene uli ndi zambiri zomwe thupi limasandutsa vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi. Wotuwa kapena wachikasu chofowoka uli ndi zochepa. Musachite manyazi kufunsa wogulitsa kuti akuonetseni lodula la mtundu womwewo. Ngati mukugula chibenthu, onani kuti n'chodula kumene, chosatuwa m'mbali, chosaterera, ndipo chiphikidwe tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti wogula chibenthu chokokotedwa kale wasiya nthanga zake kwa wogulitsa.

Chenjezo lalikulu ndi ili: dzungu, mphonda kapena nkhaka ikawawa, lavulani ndipo mutaye. Kuwawako kumachokera ku poizoni wachilengedwe wa zomera za m'banja limeneli, yemwe amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba koopsa. Kuphika sikumuchotsa, ndipo shuga amangomubisa. Nthanga za dzungu lotere musadye ndipo musabzale.

Inu olima, nkhwani, chiluwe ndi timaungu tanthete ndi ndiwo zabwino, sitikukuletsani. Koma chomera chothyoledwa masamba mopitirira sichibereka maungu okhwima bwino. Pothyola chiluwe, tengani maluwa aamuna, aja a kamtengo kowonda opanda kadzungu kumunsi, n'kusiyako ena kuti njuchi zitengepo mungu. Duwa lokhala ndi kadzungu kumunsi ndilo dzungu lanu la mawa.

Maungu okhwima, opanda bala, mukawaumika pamalo ouma opita mphepo kwa masiku ngati 10, khungu limalimbirako ndipo amasungika miyezi ingapo. Aikeni pathandala kapena pamitengo, pamthunzi, osagundana, osati padothi lachinyontho. Kumadambo a kunyanja, komwe pansi pamachedwa kuuma, mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri. Muziwayendera sabata iliyonse n'kuyamba kudya omwe ayamba kufewa. Dzungu losungidwa limatsekemera kuposa longothyola kumene, chifukwa ufa wake umasanduka shuga pang'onopang'ono.

Pophika, tsukani dzungu musanalidule, thirani madzi ochepa n'kuvundikira kuti lipse ndi nthunzi. Vitamini A wa m'dzungu amafuna mafuta kuti alowe m'thupi, ndiye futali wothira nsinjiro amapindulitsa mwana kuposa dzungu lowiritsa lokha. Ku nkhwani nako chepetsani soda, poti amawononga ena mwa mavitamini.

Kukonza ndi kukazinga nthanga

Musanaganize za phale, ganizani za munda. Dzungu likakhala laufa, lotsekemera, lofiira m'kati ndiponso losungika, patulani nthanga zake zonenepa kuti zikhale mbewu. Zimenezo muziumike pamthunzi ndipo zisayandikire moto. Banja lokazinga nthanga zonse zabwino n'kubzala zotsalira limadzakolola maungu amadzi chaka chamawa.

Zotsalazo ikani m'madzi aukhondo n'kuzitikita ndi manja mpaka ulusi ndi kuterera zichoke. Tayani zopyapyala zomwe mukazitsina zimangopindika. Yalani zabwinozo palichero kapena pamphasa yoyera, zisaunjikane, n'kuziika pathandala pomwe nkhuku ndi mbuzi sizifika. Muzizitembenuza, ndipo usiku muzizilowetsa m'nyumba kuopa mame. Zauma ngati mukaipinda nthanga ikuthyoka kuti thyo. Izi zimatenga masiku angapo, malinga ndi dzuwa.

Apa musachite changu. Nthanga zosauma bwino zikatsekeredwa m'jumbo zimachita chuku, monga amachitira mtedza ndi chimanga. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amawononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi. Kukazinga sikumuthetsa. Nthanga zakuda, zaubweya kapena zonunkha chinyontho zitayeni pomwe ziweto sizingatole.

Pokazinga gwiritsani ntchito phale kapena chiwaya chochindikala, pamakala osati pamalawi. Mafuta safunika, nthanga zili nawo kale. Thirani zochepa zoti zonse zikhudze pansi, n'kumatakasa osalekeza. Pakatha mphindi 10 mpaka 15 zimayamba kutupa, kuthetheka ndi kusanduka zofiirira, ndipo fungo lake limakuuzani lokha. Ngati mukufuna zamchere, wazani timadzi tamchere pang'ono monga muchitira ndi mtedza, n'kupitiriza kutakasa mpaka ziume. Mchere ukhale wochepa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu asanu a mchere patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni imodzi yaing'ono, powerengera ndi wa m'ndiwo womwe. Zomwe mukufuna kusinjira mwana musathire mchere. Zikapserera zimawawa ndipo mafuta ake amawonongeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zikapsa, ziyaleni palichero kuti zizizire musanaziike m'botolo louma lotseka bwino. Nthanga zouma zosakazinga zimasungika nthawi yaitali kuposa zokazinga, ndiye sungani zambiri zosakazinga n'kumakazinga pang'onopang'ono. Wamkulu akhoza kutafuna ndi makoko omwe kapena kumasenda ndi mano. Koma njira yopindulitsa banja lonse ndi kusinja mumtondo n'kusefa kuti makoko atsale. Ufa wakewo mungatenderere nkhwani, chisoso kapena mfutso, mungathire mu futali kapena m'phala, paokha kapena posakaniza ndi nsinjiro za mtedza. Sinjani wokwanira masiku ochepa, chifukwa ufa wamafuta suchedwa kusintha fungo.

Kwa ana, kumbukirani izi. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi azingoyamwa mwakathithi. Akakwanitsa miyeziyo, yambani ndi supuni yaing'ono ya ufa wosefa bwino m'phala lake, n'kumawonjezera akamakula, uku akuyamwabe. Nthanga zathunthu musapatse mwana wosakwana zaka zisanu, chifukwa zikhoza kumutsamwa n'kutseka njira ya mpweya. Mukaona zidzolo, kutupa kwa milomo kapena kubanika atadya, lekani ndipo thamangirani kuchipatala.

Zonena za anthu

Wina anena kuti dzungu limodzi limangotulutsa nthanga zodzadza dzanja, nanga n'kuvutikiranji. Tiyeni tiwerenge. Banja lodya maungu atatu pasabata kwa miyezi itatu ladula maungu oposa 30. Manja 30 a nthanga ndi chakudya chooneka, chomwe simudagule, simudachithirire feteleza, ndipo chidamera chokha pansi pa chimanga chanu. Taganizani za mwezi wa Januwale, mtedza utagulitsidwa kalekale kuti papezeke fizi ndi sopo, mafuta ophikira akugulidwa a m'timapepala, ndipo nyanja yatsekedwa kuti nsomba ziswane. Nthawi imeneyo botolo la nthanga ndilo lingasiyanitse phala lamadzi ndi phala lopatsa thanzi.

Wina anena kuti ntchito yonseyi igweranso mayi, yemwe ali kale ndi kumunda, kudimba, kumjigo ndi kumpunga. Zimenezi n'zoona, ndipo yankho lake lili ndi inu abambo ndi ana okulirapo. Kutsuka nthanga, kuziyanika ndi kuingitsa nkhuku si ntchito yofuna mayi yekha. Bambo amene amadziwa kuyanika matemba pathandala sangalephere kuyanika nthanga.

Palinso ena, makamaka m'matauni ndi pa WhatsApp, amene asandutsa nthanga za maungu kukhala mankhwala a chilichonse: ati zimachiza shuga, kuthamanga kwa magazi, njoka zam'mimba, ati zimabwezera abambo mphamvu. Nthanga ndi chakudya chabwino, ndipo ubwino wake uthere pomwepo. Amene akumwa mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV asasiye chifukwa cha nthanga. Bambo amene akuvutika kukodza apite kuchipatala akamuyeze. Mwana wa njoka zam'mimba alandire mankhwala akusikelo, ndipo wotsegula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinki, osati ufa wa nthanga m'malo mwake. Kutchuka kumeneku kuli ndi vuto linanso. Nthanga zikayamba kufunidwa m'tauni, zikhoza kutuluka m'mudzi momwe mtedza ndi mazira zimatulukira, ana a mlimi osalawako. Kugulitsa si kulakwa, koma botolo la ana liyambe ladzadza.

Pempho lathu

Uphungu wa magulu asanu ndi limodzi a zakudya udafika kale m'midzi kudzera mwa alangizi a zaumoyo, alangizi a zaulimi ndi amayi a m'magulu ophunzitsana za kadyedwe. Tikupempha kuti nyengo ino ya maungu, pa zionetsero za kaphikidwe pakhale phale ndi mtondo, amayi ndi abambo aone ndi maso kasinjidwe ka nthanga. Makomiti a sukulu za mmera mpoyamba apemphe makolo kuti pobweretsa ufa wa phala azibweretsanso nthanga zouma bwino. Akatswiri a ku LUANAR, ku Makoka, ku Bvumbwe ndi kumalo osungira mbewu zamakolo ku Chitedze athandize alimi kusankha ndi kusunga mitundu ya maungu athu yofiira m'kati ndi ya nthanga zonenepa, monga momwe zidachitikira ndi mbatata yofiira.

Koma zambiri sizikudikira ofesi iliyonse. Dzungu lomwe mugule kapena kuthyola sabata ino, liyeseni ndi chikhadabo, onani kamtengo kake, limveni kulemera. Mukalidula, ikani mbale ziwiri pafupi, ina ya mbewu, ina ya nthanga zokazinga. Pezani botolo louma, muliike pamalo osafika makoswe, ndipo muziwonjezeramo mpaka maungu atatha. Mudzalitsegule mvula ikadzagwa, pomwe ndiwo zimasowa ndipo ana amadwaladwala.